Abambo Nawonso Amasowa Tulo



Pali chiphunzitso china chimene simudzachipeza m'katekisimu, ndipo palibe wansembe amene anachilalikirapo pa guwa, koma chazika mizu m'mitima mwathu ngati kuti tinachilandirira kumodzi ndi madzi a ubatizo. Chiphunzitsocho chimati mtsogoleri weniweni wa zauzimu sada nkhawa, satopa, sakayika ndipo salira. Mukafuna kuchimva, imani pabwalo la tchalitchi Misa ikangotha. Abambo akaoneka ndi nkhope yakugwa, timati pemphero lawachepera. Akapempha kwa Ambuye Episkopi kuti akapumeko miyezi ingapo, timanong'onezana kuti ilipo imene apalamula. Asisteri akaonda ndi maganizo, timati mtima wawo uli kubanja. Akatekisiti akanena kuti lero sakwanitsa kukatsogolera mwambo wa maliro, timati ayamba kudzimva.

Sabata ino ndikufuna kutsutsa chiphunzitso chimenechi mosapsatira mawu. Ndi chabodza. Malembo Oyera amachikana, mbiri ya Mpingo imachikana, ndipo chatipweteka kale. Chimatha mphamvu atsogoleri abwino mwakachetechete, chimapereka mthunzi kwa atsogoleri oipa, komanso chimagwetsa chikhulupiriro cha achinyamata tsiku limene aona ndi maso awo kuti m'kati mwa mkanjo muli munthu.

Mbali ina ya bodzali tinaitenga kumudzi, komwe tinakula tikumva kuti mwamuna salira ndiponso kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Mbali ina tikuitenga pa kanema, pomwe amaonekera "anthu a Mulungu" a masuti onyezimira, osadwala, osalephera, okhala ndi yankho la funso lililonse m'thumba. Ife Akatolika timawaseka anthu amenewa, koma muyeso wawo womwewo ndi umene timabwera nawo kudzayezera abambo athu.

Tsegulani Malembo

Yambani ndi Eliya. Pa phiri la Karimeli anaima yekha pamaso pa aneneri 450 a Baala, moto unatsika kuchokera kumwamba, ndipo mvula inagwa patatha zaka za chilala (1 Mafumu 18). Tsopano werengani mutu wotsatira. Mfumukazi Yezebele itangotumiza uthenga woti imupha, mneneri yemwe uja analiyatsa liwiro mpaka ku Beereseba. Anasiya mnyamata wake kumeneko, analowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku lathunthu, anakhala pansi pa kamtengo n'kupempha Mulungu kuti angomuchotsera moyo. Akanakhala bambo mfumu wa parishi yathu, bwenzi titamulembera kale kalata ku dayosizi. Nanga Mulungu anatani? Sanamufunse za kuchepa kwa pemphero. Anamusiya kuti agone, anatuma mngelo kuti amudzutse adye mkate ndi kumwa madzi, ndipo atagonanso anamudzutsa kachiwiri kuti adye. Ku phiri la Horebu, atayenda masiku 40, Mulungu anamvetsera dandaulo lake kawiri konse. Kenaka anamuuza kuti sanali yekha monga ankaganizira, pakuti analipo anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, ndipo anamupatsa Elisa. Mankhwala amene Mulungu anapatsa mneneri wake anali tulo, chakudya, khutu lomvetsera ndi mnzake wogwira naye ntchito.

Mose anatopa ndi kudandaula kwa Aisraeli mpaka naye anapempha imfa, ndipo Mulungu anamupatsa akuluakulu 70 oti amusenzeko katundu (Numeri 11). Yeremiya anatemberera tsiku limene anabadwa (Yeremiya 20). Yohane Mbatizi, amene analozera anthu kwa Yesu pa mtsinje wa Yordani, ali m'ndende ya Herode anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati Yesuyo analidi woyembekezeka uja. Yesu sanamunyoze. Anamutamanda pamaso pa khamu la anthu (Mateyu 11).

Paulo Woyera, polembera Akorinto kachiwiri, anandandalika masautso ake: kukwapulidwa kasanu, kumenyedwa ndi ndodo katatu, kuponyedwa miyala, kuswekeredwa chombo katatu, njala ndi kuzizira. Pamwamba pa zonsezo anaikapo chimene chinkamupsinja tsiku ndi tsiku, ndicho nkhawa ya mipingo yonse (2 Akorinto 11). Kumayambiriro kwa kalata yomweyo anavomera kuti ku Asiya anafika potaya chiyembekezo choti akhala ndi moyo.

Ndipo pali Getsemani. Iye amene analibe tchimo anagwidwa ndi chisoni ndi nthumanzi, ndipo sanabise. Anatenga Petulo, Yakobo ndi Yohane, anawauza mmene mtima wake unalili, n'kuwapempha kuti achezere naye. Ngati Mwana wa Mulungu anafuna anzake usiku umenewo, wansembe wake ndi uti amene tinganene kuti iyeyo ndiye sasowa munthu?

"Koma Yesu anatiletsa kuda nkhawa"

Ndikudziwa kuti ena mwatsegula kale pa Mateyu 6, pomwe Ambuye akutiletsa kudera nkhawa chakudya, zovala ndi za mawa. N'zoonadi, mawuwo alipo ndipo ndi a Ambuye. Koma funsani kuti akuwalankhula ndi mtima wotani. Mayi akamauza mwana wake usiku wa mabingu kuti asaope, sakumupatsa lamulo loti akaliswa akwapulidwa. Akumukumbutsa kuti pali wina amene wamufungatira. Chimene Yesu akuletsa ndi kuisandutsa nkhawa mfumu ya moyo wathu, mpaka kuiwala kuti tili ndi Atate. Kumva kulemera kwa udindo, kudzuka pakati pa usiku ukuganiza za nkhosa imene yasochera, si kupanda chikhulupiriro. Mbusa amene sanasowepo tulo chifukwa cha nkhosa zake ndiye woyenera kumukayikira.

Komanso tiyenera kuvomereza kuti pali nkhawa ina imene ndi matenda, monga momwe shuga ndi kuthamanga kwa magazi zilili matenda. Munthu amasowa tulo miyezi, chakudya sichilowa, chimene ankakondwera nacho chimasanduka chosakoma, ndipo nthawi zina amayamba kuganiza zodzichotsera moyo. Wansembe akadwala malungo timathamanga naye kuchipatala ndipo palibe amene amati kolona yamuchepera. Bwanji akadwala maganizo timamutumiza kukalapa?

Oyera ndi apapa sanabise

M'chaka cha 391, mu mzinda wa Hippo, kumene lero ndi dziko la Algeria, akhristu anagwira Augustine m'tchalitchi n'kupita naye kwa episkopi wawo Valerius kuti amudzoze unsembe. Augustine analira. Possidius, amene analemba mbiri ya moyo wake, akufotokoza kuti ena anaganiza kuti akulira chifukwa ankafuna uepiskopi ndipo unsembe wamuchepera, pomwe iye ankalira poona kuopsa kwa udindowo. Zaka zoposa 1,600 zapita koma khalidwe lathu ndi lomwelo: mtsogoleri akalira, timathamangira kumupezera chifukwa choipa.

Jean-Marie Vianney, amene anatumikira m'mudzi wa Ars ku France kuyambira mu 1818 mpaka imfa yake mu 1859, ankakhala maola ochuluka tsiku lililonse akumva anthu kulapa. Munthu yemweyu ankadziona wosayenera udindo wa bambo mfumu, ndipo anayesapo kuthawa m'parishi yake, monga mu 1843 ndi mu 1853. Mu 1929 Papa Pius XI anamuika kukhala nkhoswe ya ansembe oyang'anira maparishi. Mpingo, podziwa bwino mbiri yake, unasankha wansembe amene anafunapo kuthawa kuti akhale chitsanzo cha ansembe a m'maparishi.

Mayi Teresa a ku Calcutta anamwalira mu 1997. Mu 2007 makalata awo anasindikizidwa, ndipo dziko linadabwa kumva kuti kwa zaka pafupifupi 50 ankamva ngati Mulungu ali kutali, pemphero louma, mtima uli mumdima. Anthu ena anati ndiye kuti anali wachinyengo. Mpingo unawerenga makalata omwewo ndipo pa 4 September 2016 unawaika m'gulu la oyera. Onani chinthu chimodzi: mdimawo sanausenze okha. Makalatawo analipo chifukwa ankauza ansembe owatsogolera pa zauzimu ndi aepiskopi awo zimene zinali mumtima.

Ku Vatican, pafupi ndi tchalitchi cha Sistine chomwe amasankhiramo papa, pali kachipinda komwe wosankhidwayo amakavalira zoyera. Anthu amakatcha chipinda cha misozi. Pa 11 February 2013, Papa Benedict XVI anauza makadinala kuti mphamvu zawo za thupi ndi za maganizo sizikukwananso pa udindowo, ndipo anatula pansi upapa, chinthu chimene chinali chisanachitike kuyambira mu 1415. Papa Francis, amene anatisiya pa 21 April 2025, anaulula m'buku lina la mu 2017 kuti ali ndi zaka 42 ankapita sabata iliyonse kwa katswiri wa za maganizo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Tsiku limene anasankhidwa, pa 13 March 2013, asanadalitse khamu anayamba awerama n'kupempha kuti anthu awapempherere. Ndipo mu December 2019, Episkopi James Conley wa dayosizi ya Lincoln ku America analengeza poyera kuti akudwala matenda a nkhawa ndi kuvutika maganizo, anachoka kukalandira chithandizo, n'kubwerera pa ntchito mu November 2020. Dayosizi sinagwe.

Ngakhale kwathu kuno, timanyadira kalata ya aepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992. Koma timaiwala zimene zinatsatira: aepiskopi anaitanidwa ndi apolisi, panamveka mawu oopseza miyoyo yawo, ndipo Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno. Kodi mukuganiza kuti sabata imeneyo ankagona tulo tokoma? Kulimba mtima kwawo timakulemekeza chifukwa anali anthu okhoza kuopa ngati ife.

Katundu wa abambo athu

Ife amene tinadyako nsima ya ku seminale tikudziwa kuti kumeneko amaphunzitsa filosofi, Malembo, ziphunzitso ndi malamulo a Mpingo, koma kulibe phunziro lochotsa munthu mtima wa mnofu n'kumuikamo wachitsulo. Mafuta oyera amene episkopi amadzoza m'manja mwa wansembe amamupatula kuti atumikire pa guwa. Samuchotsera njala, kutopa, kusungulumwa kapena mantha. Kalata yolembera Aheberi imafotokoza kuti wansembe amatha kuleza mtima ndi osochera chifukwa iye mwini ndi munthu wofooka (Aheberi 5).

Akuluakulu anati ali dere n'kulinga utayenda naye. Tayendani nawo abambo sabata imodzi. Pali maparishi a nthambi zoposa 20, zina za kutsidya kwa mitsinje yopanda milatho. Lamulo la Mpingo (Canon 905) limati mwa nthawi zonse wansembe achite Misa imodzi patsiku, ndipo ansembe akachepa episkopi angalole ziwiri, kapena zitatu pa Lamulungu ndi masiku aakulu. Kwathu kuno chimene lamulo linachiika ngati chilolezo chapadera chinasanduka ndondomeko ya masabata ambiri. Akatsika pa guwa apeza odwala akudikira mafuta, maliro awiri, banja limene likutha, mwana wosowa fizi, denga la tchalitchi lodontha, galimoto yopanda mafuta, ndi komiti imene ikufunsa za ndalama za masika. Kumudzi kwawo nakonso achibale amati popeza mwana wathu ndi wansembe, ndiye kuti mavuto atha.

Pamwamba pa izi pali katundu amene sangauze munthu. Zimene amva polapitsa amapita nazo kumanda. Inu mukaulula machimo anu mumatuluka mtima uli mbee, koma iwo amamva za chigololo, za ufiti woganiziridwa, za mimba zochotsedwa ndi za chidani cha pachibale, kenaka amakatseka chitseko cha chipinda chawo ali okha. Amati mtsogoleri ndi dzala. Chabwino, koma dzala nalo limadzaza. Ena mwa abambo athu amene anagwa m'botolo sanayambe ndi kukonda mowa. Anayamba ndi kusowa tulo ndi kusowa woti amuuze. Tinkaona nkhope ikusintha, maso akufiira, ulaliki ukufupika, ndipo tinkadikira kuti agwe kuti tipeze nkhani yokamba kumphakati. Muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.

"Ndiye tizingowakhululukira chilichonse?"

Ili ndi funso lachilungamo ndipo liyenera kuyankhidwa mwachilungamo. Ayi. Kufooka ndi kwina, upandu ndi wina. Wansembe wotopa, wodwala maganizo, wokayika kapena wopsa mtima msanga ndi m'bale wofunika thandizo. Wansembe amene amagwirira mwana, kunyengerera mtsikana wa m'kwaya, kapena kuba chopereka cha amayi amasiye, wapalamula mlandu, ndipo mawu oti "nawonso ndi munthu" sangamuphimbe. Mwana amene wachitidwa nkhanzayo nayenso ndi munthu, ndipo ndi iyeyo amene Mpingo uyenera kuyamba kumumvera.

Koma taonani chimene ambiri sachiona. Chimene chimabisa milandu yotereyi ndi chiphunzitso chomwe chija choti abambo sangalakwe. Mwana akabwera kudzanena, mayi ake amamutseka pakamwa kuti munthu wa Mulungu sanenedwa. Mbiri ya Marcial Maciel, wansembe wa ku Mexico amene anayambitsa chipani cha Legionaries of Christ mu 1941, ndi phunziro lowawa. Anthu ankamuona ngati woyera woyenda ndi miyendo, ndipo a m'chipani chake ankachita lumbiro loti sadzadzudzula akuluakulu awo. Amene anawachitira nkhanza ali ku seminale analankhula kwa zaka zambiri osamveka. Mu 2006 Vatican inamulamula kuti asiye utumiki wapoyera, anamwalira mu 2008, ndipo mu 2010 Vatican inavomereza poyera kuti khalidwe lake linali loipa kwambiri ndipo mwa zina munali milandu yeniyeni. Lumbiro lija linathetsedwa m'nthawi ya Papa Benedict XVI. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyererezo zinaswana chifukwa palibe amene ankaloledwa kuing'amba nkhuyuyo.

Atumwi ankachiopa chinthu chimenechi. Korneliyo atagwada pa mapazi a Petulo, Petulo anamudzutsa n'kumukumbutsa kuti naye ndi munthu chabe (Ntchito za Atumwi 10). Anthu a ku Listara atafuna kupereka nsembe kwa Paulo ndi Barnabasi poganiza kuti ndi milungu, awiriwo anang'amba zovala zawo (Ntchito za Atumwi 14). Ku Antiokeya, Petulo ataopa anthu n'kusiya kudya ndi akhristu osakhala Ayuda, Paulo anamudzudzula pamaso pa onse (Agalatiya 2), ndipo Mpingo sunachotse nkhaniyi m'Malembo pofuna kusunga ulemu wa papa woyamba. M'kalata yawo ya pa 20 August 2018, Papa Francis anatchula mzimu woika ansembe pamwamba pa anthu a Mulungu kuti ndi umodzi mwa mizu ya nkhanza zimenezi, ndipo anati mzimuwu umaleredwa ndi ansembe komanso ndi akhristu eniake. Mu 2019 anakhazikitsa lamulo lotchedwa Vos estis lux mundi, lokakamiza ansembe ndi a m'zipani kukanena akadziwa za nkhanza, ndi kulamula dayosizi iliyonse kukhala ndi njira yolandirira madandaulo. Choncho wachinyamata amene wachitidwa zoipa akakanena kwa makolo, ku dayosizi ndi kupolisi, sakulimbana ndi Mpingo. Akuchita chimene Mpingo walamula.

Kukweza wansembe mpaka kumitambo kumavulaza mbali zonse ziwiri. Wabwino amaopa kunena kuti watopa, woipa amapeza pobisala. Parishi imene imaona abambo ake ngati anthu ndiyo ingathe kuwathandiza akafooka ndi kuwaimitsa akalakwa.

Kwa inu amene mwakhumudwa

Ndikudziwa kuti alipo achinyamata amene anasiya kubwera kutchalitchi chifukwa cha zimene anaona kapena kumva za mtsogoleri wina. Bala lanu ndi lenileni ndipo sindikulichepetsa. Koma funso lanu Mpingo wa ku Africa unalimbana nalo kalekale. Pa chizunzo cha mfumu Diocletian chimene chinayamba mu 303, atsogoleri ena a Mpingo anachita mantha n'kupereka mabuku oyera kwa asilikali. Chizunzo chitatha, gulu limene pambuyo pake linatchedwa ndi dzina la Donatus linati masakramenti operekedwa ndi anthu otere ndi opanda mphamvu, ndipo linapatuka kukayamba mpingo wa anthu oyera okhaokha. Mkanganowu unagawa midzi ndi mabanja a kumpoto kwa Africa kwa zaka zoposa 100, mpaka msonkhano waukulu wa ku Carthage mu 411. Augustine yemwe uja, amene analira pa tsiku la unsembe wake, ndiye anaphunzitsa momveka kuti mphamvu ya sakramenti imachokera kwa Khristu, osati ku chiyero cha dzanja lolipereka.

Bambo anu akatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg kudzera mwa munthu woledzera, ndalamazo sizisanduka mapepala. Mungadandaule za wotumidwayo, ndipo muyenera kutero, koma musakane mphatso ya bambo anu. Ubatizo wanu ndi wa Khristu. Ukaristia umene munalandira ndi wa Khristu. Ngati chikhulupiriro chanu chinagwa pamodzi ndi wansembe, dzifunseni mofatsa kuti chinali chitatsamira pa yani. Mwina ndi ife akatekisiti ndi makolo amene tiyenera kuonanso mmene timaphunzitsira ana, kuti asamasokoneze chala cholozera ndi Iye amene akulozedwayo.

Tichitepo chiyani?

Choyamba, lekani manong'onong'o. Mukamva kuti abambo apita kukapuma kapena kukalandira chithandizo, musawonjezere mchere. Canon 533 imalola bambo mfumu kupuma mpaka mwezi umodzi pachaka, kuwonjezera pa masiku a m'bindikiro. Tchuthi chawo ndi lamulo la Mpingo. Tsiku lawo lopuma lilemekezedwe, kupatula pamene pali wodwala wa kayakaya.

Chachiwiri, senzani nawo katundu. Mutu umodzi susenza denga. Mwa achinyamata a parishi ino muli odziwa kuwerengera ndalama, odziwa kompyuta, odziwa kukonza njinga yamoto, aphunzitsi ndi anamwino. Ntchito zambiri zimene zimawasowetsa tulo abambo sizifuna munthu wodzozedwa. Akuluakulu 70 a Mose aja alipo pakati pathu, angoti manja lende kudikira kuti aitanidwe ndi dzina pa zolengeza.

Chachitatu, phunzirani kulankhula. Canon 212 imati akhristu ali ndi ufulu, ndipo nthawi zina udindo, wouza abusa awo maganizo awo pa zokomera Mpingo, mwaulemu. Mukaona kuti abambo ayamba kumwa mopitirira kapena kudzipatula, akuluakulu awiri okhwima maganizo apite kukacheza nawo, ndipo zikapitirira adziwitse a ku dayosizi. Kutero ndi chikondi. Kujambula kanema n'kumwaza pa WhatsApp ndi nkhanza.

Chachinayi, dziwani kuti thandizo lilipo. Abale a chipani cha St John of God amathandiza odwala maganizo ndi ovutika ndi mowa ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda a maganizo. Kupitako si manyazi kwa mkhristu aliyense, kaya wavala mkanjo kaya sanavale.

Ndipo kwa inu abambo athu, asisteri athu, abale a m'zipani ndi akatekisiti anzanga, ndikulankhula mwaulemu wonse ngati mwana wanu ndi mnzanu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Musalole kuti ulemu umene timakupatsani usanduke ndende yanu. Khalani ndi wansembe mnzanu amene mungamuuze zoona, khalani ndi wokutsogolerani pa zauzimu, pitani kwa dokotala nthawi ikadalipo. Tsiku lina mukadzaima pa guwa n'kutiuza kuti sabata ino yakulemerani ndipo mukufuna mapemphero athu, ulemu wanu sudzachepa. Mwana wa sukulu amene akusowa tulo chifukwa cha mayeso, ndi mnyamata amene watha zaka zitatu akufunafuna ntchito, adzadziwa tsiku limenelo kuti naye ali ndi malo m'nyumba ya Mulungu.

Paulo Woyera anafanizira atumiki a Mthenga Wabwino ndi mbiya zadothi zosungiramo chuma (2 Akorinto 4). Mayi aliyense wa kumudzi akudziwa kasamalidwe ka mbiya. Saiponya pansi, saisiya pamoto yopanda madzi, ndipo ikayamba mng'alu amaiona msanga. Sabata ino, pa mapemphero a kumphakati ndi pa kolona ya m'banja, tchulani abambo a parishi yathu ndi mayina awo, pamodzi ndi asisteri ndi akatekisiti. Mukakumana nawo, musayambe ndi pempho. Afunseni kuti adzuka bwanji, ndipo dikirani kuti ayankhe.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani sabata yonseyi.